Ufa Umenewu Usakausunge, Elina

Elina mwanawe,

Eee, ndine. Ndine ndabwezeramo ufa wa kondowole uja m'sutikesi, usavutike n'kufunsa abambo ako, iwo sakudziwapo kanthu. Unautulutsa m'mawa muja n'kuuika pa tebulo mwakachetechete ngati sindikuona. Ine ndinadikira kuti ulowe m'bafa, n'kuubwezeramo. Mthiko nawo ulimo, uli pansi pa majuzi. Pamene umatuluka kupita kukalukitsa tsitsi n'kufunsa uli pakhomo kuti, "Mami, zoona ndikatsike ndege ku Ireland ndikununkha kondowole?" ndinamva bwinobwino, kungoti ndinanamizira kusesa. Ndati ndikuyankhe pa pepala, chifukwa pakamwa umandidziwa: ndiyamba bwino, kenako ndikuseka, kenako ndikulira, iwe n'kungoti "chabwino mami," nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndakhala pansi pa mango wathu kuseriku. Abambo ako apita ku Dwangwa, akuti akakugulire kanthu, pakhomo pali zii. Choyamba udziwe kuti ndine wokondwa, mwanawe, wokondwa kwambiri. Mwana wanga, wobadwira ku Chia konkuno, akukaphunzira unamwino kunja! Aphunzitsi anzanga ku sukulu atopa nane. Akwaya nawo akangondiona ndikubwera amayamba okha, "Tamva, mayi a Elina, tamva, mawa akukwera ndege." Atope basi, ine sindinatope.

Chimene ndikuopa n'chimodzi chokha. Si kuzizira, si sukulu, mutu uli nawo. Ndikuopa kuti iwe ukasowa mtendere sulankhula, ndipo sudya. Ukukumbukira teremu yoyamba ya Fomu 1 ku sukulu yogonera konko? Ndikaimba foni kwa amatironi, iwe, "Ndili bwino mami." Sabata inayo, "Ndili bwino mami." Tsiku lotsekera ndinakuona ukutsika minibasi siketi utaimanga ndi phini, mafupa a m'khosi ali poyera ngati mwana wa nkhuku wonyowa. Kumeneko kunali kwa Malengachanzi pompa, kabaza amafika. Nanga kumene ukupitaku ndidzakwera chiyani? Ndipo sindikukudzudzula ayi. Unatengera ine. Ndiye khala pansi umve mmene mayi ako anapusira ku Joni.

Pajatu ukudziwa kuti ndinakusiya kwa agogo ako utangoyamba kuyenda, ine n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba. Ndinali kamtsikana ka msinkhu wakowu, satifiketi ya Fomu 4 m'chikwama, mtima uli m'mwamba. Agogo ako anandimangira ufa wa kondowole, chinangwa chake choviika okha, chosinja okha, ndi usipa wofutsa pang'ono. Nditafika ndinapeza kachipinda m'nyumba ina yaikulu ya anthu ambiri, aliyense chipinda chake, khitchini imodzi, bafa imodzi. Ufa uja ndinauika pansi pa bedi. Ndinati, uwu si wodya wamba, uwu ndi wa tsiku lalikulu. Lamlungu lililonse ndinkautulutsa, kumasula, kununkhiza, kumanganso. Chakudya changa chinali buledi ndi tiyi, chitseko chotseka, ndikudya chamumtima ngati ndaba. Ku khitchini ndinkapitako kukakhala kulibe munthu, kuwiritsa madzi n'kuthawa. Kenako ntchito inachuluka, ndinasiya n'kununkhiza komwe. Khirisimasi itafika ndinati lero ndiye lero. Kumasula chonchi, mayo ine! Anankafumbwe ali yakaliyakali, m'mbali muli chuku chobiriwira, usipa uja wasanduka fumbi. Iwo anadya Khirisimasi miyezi yonseyo, mwini wake ndikudya buledi. Ndinakautaya m'bini ndikulira ngati pamaliro. Ndiye tamvera, Elina: ufa umenewu usakausunge. Si chithunzi choika pakhoma. Ukafike, ukapume, sabata yomweyo ukauphike. Ukathe msanga, ndipo ukathere m'mimba mwa anthu angapo, osati mwako mokha. Kupatsa n'kuika, mwanawe. Pansi pa bedi si poika.

Chachiwiri ndiye useka. Patapita miyezi ndinaona amayi ena akugulitsa chinangwa m'mbali mwa msewu. Mtima unangoti phaa! Ndinagula, kukasenda m'chipinda, makoko kukataya kutali kuti asandione. Tsono kuviika ndiviike kuti? Kuno timangopita kudambo kapena kuika mu mgolo kuseri, palibe amene amafunsa. Ine n'nzeru zanga za Fomu 4 ndinachiika m'chidebe, kuthira madzi, kukachibisa m'bafa ya anthu onse, kuseri kwa chitseko, n'kuvindikira ndi thawulo. Chimene sindinaganize n'chakuti inali Juni. Kuno kukatentha chinangwa sichichedwa kufewa. Kumeneko kuzizira, ndikachikhudza chili gwa. Ndinati chikhale kaye. Chikhale kaye. Ndiye chinayamba kufewa, fungo nalo n'kuyamba. Iwe umalidziwa fungo la madzi a chinangwa, kwa ife ndi fungo la chakudya chikubwera. Kwa anthu a m'nyumba muja linali fungo la paipi yophulika. Mwini nyumba anaitana munthu wokonza mapaipi, akugogoda apa, kugogoda apo, anthu ataima m'khonde atagwira mphuno. Ndipo ukudziwa chimene mayi ako anachita? Ndinaima nawo, nane n'kugwira mphuno! Mpaka ndinapukusa mutu n'kunena pa Chingerezi kuti anthu ena ndi auve. Ine ameneyo.

Madzulo ake ndinamva kugogoda. Kutsegula, ndi mayi wina wa ku Congo wa chipinda chakumapeto, dzina lake Mama Odeti. Anali wamkulu thupi, woluka tsitsi, mawu ake omveka mpaka kumsewu, ndipo chifikire changa ndinali ndisanamupatseko moni chifukwa ndinkamuopa. Chidebe changa chili m'manja mwake. Ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chiswahili, ine n'kumatolako pang'ono, si ukudziwa mawu ena timawamva kwa anzathu achisilamu ku boma.

"Iwe mwana wa ku Malawi, tenga katundu wako."

Ine, "Si wanga, mama."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "M'nyumba muno odziwa kuviika chinangwa tilipo awiri. Ine sindinaviike."

Ndinafuna nthaka indimeze. Koma iye anaphulika kuseka, kuseka kogwira khoma, mpaka nane ndinayamba. Atatha anapisa dzanja m'chidebe, kufinya chinangwa chimodzi, n'kuti, "Chafewa bwino. Amene anakuphunzitsa amadziwa. Koma wavutikiranji? Ufa wake timagula pa shopu ya anthu akwathu, kuseri kwa siteji ya matakisi. Ukanafunsa." Ukanafunsa! Miyezi yonse ija ndikudya buledi, ufa uli pa mtunda woyenda wapansi. Iye yemweyo ndi amene anakalankhula ndi mwini nyumba, sindikudziwa anamuuza chiyani, ndinangomva mawu akukwera kenako kuseka. Chinangwa chija tinachiyanika pa lata kuseri kwa galaja, n'kusinja mu kamtondo kake.

Ndiye apa pali zinthu ziwiri, usazisokoneze. Usakaviike chinangwa m'bafa ya eni ake, ndakupempha, manyazi amenewo ndinawamaliza ine m'banja muno. Koma usakagwirenso mphuno pa chakudya chako. Ukafuna kukazinga usipa, tsegula windo, uwauze anzako okhala nawo kuti lero kununkha kunyanja, amene akufuna abwere ndi mbale. Ena athawa, asiye. Mmodzi adzatsala. Ndipo funsa, Elina, funsa! Kulikonse kumene kuli anthu a ku Congo, a ku Nigeria, a ku Mozambique, chinangwa chiliko, masamba ake aliko m'mafiriji. Dzina lidzakhala lina, ufa udzakhala wosalala mosiyana, mwina wopanda kafungo kathu kaja. Usakanyoze. Ufa umene ndakuikirawu ntchito yake n'kukufikitsa kwa munthu wokuonetsa kumene kuli wina.

Chachitatu ndi matama. Tsiku lophika, Mama Odeti anati, "Ndikugwirire poto?" Ine, "Ayi mama, ine ndine wa ku Chia, kondowole ndinayamba kuphika ndisanamere mabere." Madzi anawira, ndinaphula poto, kuika pansi, kukhala, kupana ndi mapazi monga timachitira kuno, kuthira ufa, kuyamba kuthyakula. Koma kuno pansi ndi dothi kapena simenti yokhakhala, ndipo sefuliya yathu ndi yolemera. Kuja pansi ndi matailosi opukutidwa, kapoto kopepuka ngati chitini. Kondowole itangoyamba kulimba, ndinakoka mthiko ndi mphamvu zonse, poto n'kupulumuka m'mapazi, fyuu, kutsetsereka mpaka pakhomo la khitchini, ine n'kugwa chagada miyendo m'mwamba, mthiko m'manja. Mnyamata wina wa ku Zimbabwe amene ankalowa anachita kulumpha. Mama Odeti anangodzuka. Anatola poto uja, kukhala pansi moyang'anana nane, kukulunga nsalu m'manja, kugwira. "Tiye, wa ku Chia." Ndinathyakula iye atagwira, inapsa bwino, yosalala, yonyezimira. Wa ku Zimbabwe uja sanachoke, anangokoka mpando. Tinadya atatu ndi nsomba za m'chitini. Tsiku limenelo ndi limene ndinakhuta koyamba chifikire m'dziko muja.

Iwe kondowole umaitha, ndinakuphunzitsa ndekha. Madzi awire kwambiri, osayamba ndi phala ngati ya chimanga, ukatero upanga ulimbo wokolera mbalame. Phula, thira ufa, thyakula msanga isanazizire. Zimenezo sindikukayika. Koma taganiza, nthawi zonse ukamaphika kuno, amakugwirira poto ndani sefuliya ikakula? Sunayambe wazindikira chifukwa ndimangobwera ndekha osaitanidwa. Kumeneko palibe adzabwere osaitanidwa. Udzayenera kutuluka m'chipinda, kukagogoda pa chitseko cha munthu, n'kunena ndi pakamwa pakopo kuti, "Pepani, tandigwirireniko poto." Ndikudziwa kuti kwa iwe mawu amenewo ndi olemera kuposa mayeso onse amene wakhoza. Anene basi. Munthu sakana kugwira poto. Ndipo amene wagwira poto sungamubweze osadya, ndiye kuti tsiku limenelo sudya wekha. Ukamuuzenso kuti kondowole satafuna, amangomeza. Wa ku Zimbabwe uja anatafuna mbamu yoyamba mpaka nsagwada kutopa, maso ali tong'o, akuopa kulavula.

Chachinayi n'chimene chinatsala pang'ono kundiwonongera zonse, ndipo ndi pakamwa pangapa. Tinazolowerana ndi Mama Odeti, Lamlungu tinkaphika limodzi. Tsiku lina anati andiphikire chigwada cha kwawo. Anasinja masamba, kuthira mafuta ofiira aja, anyezi, nsomba, tsabola, kuphika nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Anandipakulira akumwetulira. Ine kulawa kamodzi, n'kuti, "Aaa mama, mwachiwononga chigwada. Kwathu sititero. Nsinjiro zili kuti?" Ndinkaona ngati ndikuseka naye. Iye anatenga mbale yanga, kubwezera mumphika, kuvindikira, n'kupita kuchipinda kwake. Lamlungu lotsatira sanagogode. Linalo sanagogode. Ndinabwerera ku buledi wanga ndi chitseko chotseka. Ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti nayenso anasiya ana kwawo, nayenso chigwada chimenecho anaphunzira kwa mayi ake, ndipo kwa iye mafuta ofiira aja anali ngati fungo la ufa wanga wa pansi pa bedi. Ndinagula mtedza, kusinja, kuphika chigwada chotendera, kukaima nacho pakhomo pake. Ndinati, "Mama, ndinalakwa. Lawani changa, munyoze inunso tifanane." Analawa, kutafuna pang'onopang'ono, n'kuti, "Chakoma. Koma chauma ngati mwini wake. Mafuta ali kuti?" Tinaseka, nkhani n'kutha. Ndiye iwe, akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Akakuitana kukadya mbatatesi zawo zophwanya, pita, idya, yamikira. Mawu akuti "kwathu sititero" uwasiye kuno, ndikusungira. Kusunga chakudya cha kwanu sikutanthauza kuzenga mlandu chakudya cha ena.

Aaa, abambo ako afika. Dikira.

Ndabwera. Abwera ndi utaka wowamba, mpunga wa kilombero, ndi mtedza wosinja kale. Anthu omwewa amene dzulo amanditi ndikuchulutsa! Aona sutikesi ili yotupa, akuti, "Kodi mayi a Elina, mwanayu akupita ku sukulu kapena akukatsegula lesitilanti?" Ine ndati, "Nanga zanuzi alowetsa m'thumba la malaya?" Akuti, "Zangazi n'zofunika, zanuzo n'zolemera." Pano ali m'nyumba akutulutsa nsapato zako zina kuti mpunga ulowe, ndiye ukapeza zofiira zija zatsala usandiyang'ane ine. Andifunsa kuti ndikulemba chiyani, ndati malangizo. Akuti, "Mumuuze asamaphike mpunga wathu ndi zokometsera zambirimbiri, umanunkhira wokha." Ndiye ndakuuza. Atuluka msanga, akuti utsi wa utaka wawalowa m'maso. Utaka wozizira, mwanawe.

Zing'onozing'ono ndisanaiwale. Pa bwalo la ndege akakufunsa zimene wanyamula, unene zoona, chilichonse, ufa, nsomba, mtedza. Akati ichi sichilowa, chisiye, usalire, usakangane, n'chakudya chabe. Manja ako ndi mthiko sangakulande. Chinangwa chimene sukuchidziwa usakachidye chachiwisi ngati cha kumunda kwa agogo ako, china n'chowawa, chimapha. Chigwada chipse mokwanira. Utaka uyambe ndi umenewo, sukhalitsa. Ndipo sindikunena kuti uzidya kondowole tsiku lililonse ayi, udzakhala ndi makalasi, udzakhala ndi mashifiti ku chipatala, masiku ena udzadya buledi womwewo utaimirira. Palibe tchimo. Ndikungoti pa sabata pakhale tsiku limodzi limene poto wakhala pansi ndipo pali manja anayi.

Ukudabwa mwina kuti bwanji nkhani zimenezi sindinakuuzepo. Unali mwana, ndipo ine ndinkafuna uzidziwa kuti mayi ako ku Joni anakachita bwino, anabwera n'kupita ku koleji ya uphunzitsi, basi. N'zoona ndinachita bwino. Koma ndinachita bwino chifukwa mayi wina wa mawu aakulu anagogoda pa chitseko changa. Ine ndinali ndi mwayi, anabwera yekha. Iwe usakadikire mwayi, ukagogode ndiwe. Zilipo zina zambiri za Mama Odeti, makamaka za tsiku limene tinatsanzikana, zimene ananditsekera m'chikwama ndi mawu amene anandiuza pa siteji ya basi. Zimenezo sindilemba pano. Ndazisunga dala, ndipo uzigula.

Mtengo wake ndi uwu. Ndikadzaimba foni, sindidzakufunsa kuti uli bwanji. Yankho lake ndikulidziwa kale, ndinalimva teremu yathunthu. Sindidzafunsanso kuti wadya, chifukwa udzati eee uli ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndidzafunsa kuti, "Wadya ndi ndani?" Ndipo ndikufuna dzina, Elina. Osati "anzanga," osati "anthu ena ake." Dzina la munthu, ndi kumene akuchokera, ndi chimene ananena atameza mbamu yoyamba. Ukadzakhala chete, nane ndidzakhala chete, tidzangomverana kupuma mpaka mayunitsi athe, ndipo mawa lake ndidzaimbanso. Umandidziwa, sinditopa.

Dzinalo likhale la Chizungu, la Chinaijeriya, la Chiindiya, lovuta bwanji kutchula, usadandaule. Ndidzalilemba pa bolodi nthawi ya buleki n'kuliyeserera mpaka lilime lizolowere, kuti Lamlungu ndikamatchula lako m'pemphero, ndizitchula awiri.

Pita bwino, mayi wanga wamng'ono. Ukuoneka bwino ndi tsitsi limenelo, ndakuonera patali ukubwera pa msewu, ndiye ndipinde pepalali usanafike.

Ndine,
Mayi ako